Kumanga kompyuta ya pa desiki yosasokosa popanda kuwononga ndalama zambiri

Phokoso la kompyuta silichokera mu purosesa kapena mu RAM. Zimenezo zilibe kanthu kozungulira, choncho sizilira. Chimene mumamva chikulira pansi pa desiki ndi mafani, komanso hard disk yachikale ija ya timbale tozungulira ngati ilimo. Ndipo fani siithamanga mwachisawawa, imathamanga chifukwa pali kutentha koti ichotse. Munthu wofuna kompyuta yachete asayambe ndi kusaka bokosi lomata masiponji m'kati. Ayambe ndi kusankha zipangizo zosatulutsa kutentha kwambiri, ndipo mwayi wake ndi wakuti zipangizo zoterozo ndi zomwenso sizipweteka m'thumba.

Kompyuta imene tikumanga pano ndi ya ntchito za tsiku ndi tsiku: kulemba, kuwerengetsa pa spreadsheet, kutsegula masamba ambiri a intaneti nthawi imodzi, misonkhano ya pavidiyo, kuonera mafilimu, kukonza zithunzi mwa apo ndi apo. Ngati mukufuna magemu olemera kapena kudula mavidiyo a 4K tsiku lonse, malangizowa akusiyani pakati panjira.

Kusankha zipangizo

Choyamba kuchifufuta pa mndandanda ndi graphics card, chipangizo chapadera chojambula zithunzi za pa sikirini. Ndiyo imadya magetsi kuposa china chilichonse, zambiri zimapitirira 150W, ndipo imabwera ndi timafani tiwiri kapena titatu tothamanga kwambiri. M'malo mwake gulani purosesa yokhala ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake momwe. Ziwiri zodziwika bwino pa ntchito imeneyi ndi AMD Ryzen 5 5600G, ya mu 2021, yokhala ndi ma core 6 ndipo ya 65W, ndi Intel Core i3-12100, ya mu 2022, yokhala ndi ma core 4. Si zatsopano, ndipo n'chifukwa chake ndazitchula. Pa ntchito za mu ofesi simudzaona kuti zikuperewera.

Apa samalani ndi zilembo za kumapeto kwa dzina, chifukwa chilembo chimodzi chingakusiyeni ndi sikirini yakuda. Ku mbali ya AMD, Ryzen 5 5600G imatulutsa chithunzi, koma Ryzen 5 5600 yopanda G siitulutsa. Ku mbali ya Intel ndi mosemphana: i3-12100 imatulutsa, koma i3-12100F siitulutsa. Zopanda chithunzizo zimakhala zotsikirako mtengo, ndiye munthu amaganiza kuti wapeza mwayi, kenako n'kukakamizika kugula graphics card yomwe amaithawa ija.

Motherboard, board yaikulu yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, iyenera kugwirizana ndi socket ya purosesa, kutanthauza malo omwe purosesa imakhalamo. Ya 5600G ndi AM4, ndipo motherboard ya mtundu wa A520 kapena B550 ikukwanira. B450 imathanso, koma yomwe yakhalitsa m'sitolo ingafune kuti BIOS yake, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard yomwe imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyaka, ikonzedwe kaye isanazindikire purosesayo. Ya i3-12100 ndi LGA1700, ndipo H610 kapena B660 ili bwino, kungoti ma board a Intel amenewa ena amalandira DDR4, ena DDR5, ndipo ziwirizi sizilowana m'malo. Werengani pa katoni musanagule RAM. Tengani kukula kwa Micro-ATX, kumene kuli mamilimita 244 mbali zonse. Mini-ITX ndi yokongola poiona koma imadula, ndipo bokosi laling'ono limakakamiza mafani aang'ono. Onetsetsani kuti pali polowetsa SSD (chosungira mafayilo) ya M.2, pali HDMI kapena DisplayPort kumbuyo, ndiponso pali malo a mapini 4 olumikizira mafani, osachepera awiri kupatula a purosesa. Malo amenewa ndi amene adzakupatseni mphamvu yochepetsa liwiro la mafani.

RAM ikhale 16GB, koma mugule ziwiri za 8GB, osati imodzi ya 16GB. Purosesa yojambula yokha zithunzi ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM, ndipo RAM ziwiri zimatsegula njira ziwiri zodutsamo deta m'malo mwa imodzi. DDR4-3200 ikukwana.

Posungira mafayilo gulani SSD ya NVMe, ya M.2 2280, ya 500GB kapena 1TB. Ilibe chozungulira, ilibe waya. Musalipire zambiri pofuna yothamanga kwambiri: 5600G imathera pa PCIe 3.0, ndiye liwiro loposa pamenepo mungolilipira osaligwiritsa ntchito. Hard disk ya 7200 rpm isalowemo. Imanjenjemeretsa bokosi lonse, ndipo kompyuta yonse ikakhala chete ndi pamene imamveka kwambiri.

Pa power supply, chipangizo chogawa magetsi ku zipangizo zonse, ndi pamene sindilola kuumira. Kompyuta yotereyi ngakhale itapanikizika siifika 150W, choncho ya 400W mpaka 550W ndi yokwana ndithu, bola ikhale ya kampani yodziwika ndipo ikhale ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena kuposa. Chizindikirochi chimanena za magetsi amene amatayika ngati kutentha. Akamatayika ochepa, fani yake siivutika. Zina zili ndi njira yoti fani imaima kotheratu ntchito ikakhala yochepa, ndipo pa kompyuta yathuyi fani yoteroyo ingathe tsiku lonse osazungulira. Pewani power supply zopanda dzina zomwe zimabwera zomangirira kale m'mabokosi otchipa. Zimalira, ndipo ikapsa imodzi nthawi zina imapita ndi motherboard. Komanso musadzaitsegule m'kati pofuna kusintha fani yake, chifukwa ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma.

Mapurosesa awiri aja amabwera ndi choziziritsira chake m'katoni, ndipo chimagwira ntchito. Vuto lake ndi lakuti chitsulo chake n'chochepa ndipo fani yake ndi yaing'ono, ndiye ntchito ikachuluka imayamba kulira mokweza. Ngati pali pamodzi poyenera kuwonjezera ndalama pang'ono chifukwa cha bata, ndi apa. Choziziritsira chooneka ngati nsanja, chokhala ndi mapaipi a kopa ndi fani ya 120mm, chimasintha zinthu kotheratu. Thermalright, Arctic, be quiet! ndi Noctua onse amapanga zoterezi. Fani yaikulu imakankha mpweya wofanana ndi yaing'ono ikuzungulira pang'onopang'ono, chinsinsi chonse chagona pamenepo. Ingoyang'anani kutalika kwake, chifukwa zambiri zimafika cha m'ma 150 mpaka 160mm ndipo si bokosi lililonse lomwe lingatsekeke nazo.

Za bokosi anthu amatsutsana. Ena amakonda lotsekeka kutsogolo lomata masiponji, ena la timabowo tolowetsa mpweya. Ine ndili ku mbali ya timabowo. Bokosi lotsekeka limabisa phokoso, koma limasunganso kutentha, ndiye mafani amathamanga kwambiri n'kupanga phokoso loti libisidwe. Pezani lolandira mafani a 120mm kapena 140mm, lokhala ndi sefa ya fumbi yochotseka. Mafani awiri akukwana, imodzi kutsogolo yolowetsa mpweya, ina kumbuyo yotulutsa. Akhale a mapini 4, olembedwa PWM, omwe liwiro lawo limalamulidwa ndi motherboard.

Kumanga

Mufunika screwdriver imodzi ya mtanda, tebulo loyera lowala bwino, kambale koikamo ma screw, ndi buku la malangizo la motherboard lili potsegula. Musanagwire chipangizo chilichonse khudzani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, ndipo muzigwira zipangizo m'mphepete. Kuthamanga sikufika: dzipatseni maola awiri kapena atatu ngati n'koyamba.

Yambirani kunja kwa bokosi. Ikani motherboard pamwamba pa katoni yake. Tukulani kachitsulo ka pambali pa socket, yang'anani kachizindikiro ka ngodya zitatu pa kona imodzi ya purosesa, kayang'anizane ndi kofanana nako pa socket, ndipo muitsitse pang'onopang'ono. Iyenera kukhala pansi yokha. Ikakana musaikankhe, ichotseni muonenso. Pa AM4 timapini tili pa purosesa, pa LGA1700 tili mu socket, ndipo konseko kapini kamodzi kopindika n'kokwanira kukuwonongerani tsiku. Ikakhala bwino tsitsani kachitsulo kaja. Pa Intel kamalimba ndithu ndipo chivindikiro cha pulasitiki chimadumpha chokha, musadzidzimuke.

Kenako RAM. Ngati malo alipo anayi, kawirikawiri ziwirizo zimalowa pa lachiwiri ndi lachinayi kuchokera ku purosesa, olembedwa A2 ndi B2, koma bukulo ndilo linene. Tsegulani timaloko, yang'anani kampata ka pansi pa RAM kagwirizane ndi kamtunda ka m'malo mwake, ndipo dinikizani mbali zonse ziwiri mpaka zitalira kuti tswa. Apa pokha mphamvu imafunika. Makompyuta ambiri amene amakana kuyaka koyamba, vuto limakhala RAM yomwe inalowa theka.

SSD ilowetseni chopendeketsa, muigoneke, muimange ndi ka screw kake kakang'ono.

Tsopano choziziritsira, ndipo apa ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Tsiku lina ndinamanga zonse bwinobwino, ndinayatsa, koma fani inkalira ngati chigayo ndipo kutentha kunkakwera kupitirira 90°C kompyuta isakuchita kalikonse. Ndinaimba mlandu purosesa, ndinaimba mlandu BIOS. Nditamasula ndinapeza kapulasitiki kowonekera kali phee pansi pa choziziritsira, mawu oti kachotsedwe akuwerengeka bwinobwino, thermal paste, phala lothandiza kutentha kudutsa kuchoka pa purosesa kupita ku choziziritsira, itapakika pamwamba pake. Choncho musanachite china chilichonse, tembenuzani choziziritsiracho, matulani kapulasitikiko. Ngati pansi pake anapaka kale paste yotuwa, musawonjezere. Ngati sanapake, finyirani kadontho kamodzi ka mamilimita 4 kapena 5 pakati pa purosesa, chitsulo chidzakafalitsa chokha. Mangani ma screw mosinthanasinthana, iyi pang'ono, inzake yoyang'anizana nayo pang'ono, mpaka zonse zitalimba mofanana. Waya wa fani ulowe polembedwa CPU_FAN. Mukadzafuna kuchichotsa mtsogolo pa AM4, yatsani kompyuta kaye itenthe pang'ono, ndipo muchipotoze musanachikoke, apo ayi chimazuka pamodzi ndi purosesa.

Musanazilowetse m'bokosi, ziyeseni zili pa katoni pomwepo. Lumikizani waya wamkulu wa mapini 24, ndi wina wa mapini 8 wolembedwa CPU amene amalowa pakona ya pamwamba. Uyu ndi amene anthu amamuiwala. Musamusokoneze ndi wolembedwa PCIe, amafanana koma si amodzi. Lumikizani sikirini, yatsani power supply, ndipo gunditsani nsonga ya screwdriver pa timapini tiwiri tolembedwa PWR_SW kwa kamphindi. Fani ikazungulira ndipo chizindikiro cha kampani chikaoneka pa sikirini, mwapambana. Koyamba zimatha kuchedwa mpaka mphindi imodzi, dikirani. Kupeza vuto panopa n'kosavuta kuyerekeza ndi kulipeza mutamanga ma screw onse.

Zimitsani, zulani pakhoma, tengani bokosi. Ngati motherboard yanu ili ndi kachitsulo kapadera kotchinga kumbuyo, kaikeni tsopano kuchokera m'kati, chifukwa mukaiwala mudzamasula zonse. M'mphepete mwake mumacheka, samalani zala. Yang'anani timizati tachitsulo tomwe motherboard imakhalapo: pakhale kamodzi pansi pa bowo lililonse, ndipo pasakhale kena pomwe palibe bowo, chifukwa kotsalako kamagunda kunsi kwa board n'kuchititsa shoti. Goneketsani board, mangani ma screw mongolimba, osati mopana.

Power supply ilowe fani yake itayang'ana pansi ngati bokosi lili ndi timabowo kunsi, kuti izikoka mpweya wozizira wa kunja. Mafani a bokosi ali ndi mbali: kumene kuli timichira togwira mota ndi kumene mpweya umatulukira. Wakutsogolo timichira tiyang'ane m'kati, wakumbuyo tiyang'ane kunja. Ngati m'paketi muli timphira toika m'makona, tigwiritseni ntchito, timaletsa kunjenjemera kulowa m'chitsulo.

Chotopetsa ndi timawaya ta kutsogolo kwa bokosi. N'tating'ono, zolembapo zake n'zovuta kuwerenga. Tsatirani chithunzi cha m'buku. Ka batani loyatsira kalibe mbali, kalowe mulimonse, koma ta magetsi owala tili ndi + ndi −. Lumikizaninso USB ndi HD_AUDIO. Pomaliza pititsani mawaya onse kuseri, muwamange. Si nkhani ya kukongola yokha ayi. Waya wolendewera ukamakhudza phiko la fani umapanga kaphokoso kamene kangakusowetseni mtendere sabata yathunthu.

Kuikhazika chete

Anthu ambiri amathera pamenepa, n'kumadabwa kuti anagula mafani abwino koma kompyuta ikulirabe. Theka la ntchito lili mu BIOS. Poyatsa dinani Delete kapena F2 mobwerezabwereza. Onani kuti RAM yonse 16GB ndi SSD zikuoneka. Yatsani XMP, ena amailemba DOCP, kuti RAM ithamange pa 3200 yomwe munalipira, apo ayi imakhala pa liwiro lotsika.

Kenako pitani pa tsamba la mafani. Fani iliyonse ya mapini 4 iikeni pa PWM, ya mapini 3 pa DC. Mukasokoneza, ina imangothamanga mpaka mapeto osamvera. Mudzaona mzere wosonyeza liwiro la fani malinga ndi kutentha, ndipo mungaukoke ndi mausi. Poyambira pabwino pa fani ya purosesa ndi apa: 30% mpaka kutentha kufike 55°C, kukwera pang'onopang'ono kufika 50% pa 70°C, ndipo 100% pa 85°C. Musaope manambalawa. Malire a 5600G ndi 95°C, a i3-12100 ndi 100°C, ndipo ikafika pamenepo purosesa imadzichepetsa liwiro yokha. Palibe mphoto yoisunga pa 35°C ndi fani yolira.

Khutu la munthu limazolowera phokoso losasintha, koma fani yomwe ikukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, imakwiyitsa ngakhale ili yotsika. Mapurosesa a Ryzen amakonda kudumpha kutentha kwa masekondi ochepa mukangotsegula pulogalamu, fani n'kuthamangira komweko. Mu BIOS zambiri muli poika nthawi yoti fani idikire isanasinthe liwiro, polembedwa step up time kapena smoothing. Ikwezeni. Mafani a bokosi musawamangirire ku kutentha kwa purosesa. Aikeni pa kutentha kwa motherboard kumene sikudumphadumpha, kapena angokhala pa liwiro limodzi cha m'ma 600 mpaka 800 rpm. Wakutsogolo athamange pang'ono kuposa wakumbuyo, kuti mpweya uzilowera pa sefa osati m'ming'alu, fumbi lichepe. Pa 5600G, ma board ambiri amalolanso kuitsitsa kuchoka pa 65W kufika pa 45W. Pa ntchito za masiku onse kusiyana kwa liwiro simukumva, koma kutentha kumatsika.

Sungani zosinthazo ndi F10, ndipo ikani operating system kuchokera pa flash ya 8GB kapena kuposa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye ngati ndi Windows, ikhale 11. Imafuna TPM 2.0, mbali ya chitetezo yomwe ili kale m'mapurosesa awiriwa: mu BIOS imalembedwa fTPM pa AMD, PTT pa Intel, ingoonani kuti ndi yoyatsa. Linux Mint kapena Ubuntu ndi zaulere ndipo zimayenda bwino pa zipangizo zimenezi. Mukatha ikani madiraiva a chipset ndi a zithunzi kuchokera pa tsamba la AMD kapena Intel. Timapulogalamu towonjezera ta kampani ya motherboard, tambiri mwa ito n'tongolemetsa, tisiyeni.

Usiku woyamba isiyeni ikuyesa RAM ndi pulogalamu ya MemTest86. M'mawa mwake tsegulani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zipangizo, ipatseni kompyuta ntchito yolemera kwa mphindi 15, muone pamene kutentha kukuima. Kukakhala pansi pa 80°C, mukhoza kutsitsanso mafani pang'ono.

Kakatsala kaphokoso, kasakeni ndi khutu. Tsegulani chivindikiro cha pambali m'chipinda chachete, imitsani fani imodzi imodzi kudzera mu BIOS kapena poigwira pang'ono pakati pake, osati pa mapiko, mumve yomwe yachotsa phokosolo. Ya power supply yokha musaigwire. Kulira kwa ng'ii kopyapyala komwe sikusiya ngakhale mafani onse ataima kumachokera m'timakoyilo ta magetsi. Sikuwononga kanthu, koma sikuthanso ndi BIOS, ndipo ngati kukuchokera mu power supply yatsopano ibwezeni nthawi yobweza isanathe. Kugogoda kotsika nthawi zambiri ndi chivindikiro chosamangika bwino kapena bokosi lokhudzana ndi mwendo wa desiki. Lisunthe pang'ono, lisiyireni mpata wa chikhatho kumbuyo, ndipo ngati lili pansi musaliike pa kapeti, liikeni pa kathabwa kuti power supply ipume. Pakapita miyezi itatu kapena inayi chotsani sefa muikutumule, chifukwa sefa yotsekeka ndi fumbi imakweza kutentha, ndipo mafani aja amayambiranso kuthamanga.